James Chuma: mwana amene anamasulidwa pachingwe cha akapolo

Mwana wa sukulu aliyense amene waphunzirapo za malonda a akapolo amalidziwa funso lija la pamayeso: ndani ananyamula mtembo wa David Livingstone kuchokera kumtunda mpaka kunyanja ya mchere? Yankho limatuluka mothamanga ngati ndi dzina la munthu mmodzi, Susi ndi Chuma. Aphunzitsi amachonga, mutuwo n'kuthera pomwepo. Ana ambiri amatuluka m'kalasi ndi chithunzi cha mbali ziwiri zokha, Aluya ankhanza uku, azungu achifundo uko, anthu a dziko lino ali pakati ngati mitolo ya nkhuni. Chonsecho Chuma anali mwana wa kuno. Anagulitsidwa ali wamsinkhu wa ana a Sitandade 6 kapena 7, ndipo pa zaka pafupifupi 32 zimene anakhala ndi moyo sanatalikirane ndi akapolo, anthu othawa ukapolo ndiponso eni akapolo. Ankadziwa mmene aliyense wa iwo ankaganizira, ndipo iye mwini sankagwirizana ndi Livingstone pa funso lakuti anamugulitsa ndani.

Chuma anali Myao, wobadwa cha mu 1850. Nthawi imeneyo Ayao ambiri ankasamuka kwawo kum'mawa kwa nyanja ya Malawi, m'dziko limene lero ndi Mozambique, pothawa nkhondo ndi njala, n'kudzalowa m'dera la Amang'anja la mapiri a Zomba, Chiradzulu ndi Mulanje. Ena anabwera ndi mfuti komanso atazolowera kale malonda a kugombe. Misika ya anthu inali mbali ziwiri. Kum'mawa kunali Kilwa ndi Zanzibar, kumene kazembe wa Britain, Christopher Rigby, anauza Livingstone kuti akapolo 19,000 ochokera kudera la nyanjayi ankadutsa pa ofesi ya msonkho chaka chilichonse. Kumadzulo kunali Tete, kumene amalonda a Chipwitikizi ankatuma akapolo awo okhulupirika kudzagula amayi ndi ana kuti akawasinthitse ndi minyanga ya njovu kumtunda kwa Zambezi. Njira ya ku Tete inkatsika mapiri, kuwoloka Shire n'kulowera kumadzulo. Munthu wa ku Neno kapena ku Mwanza safunika mapu kuti adziwe kuti Tete ali pafupi bwanji.

Pa 16 Julayi 1861, Livingstone ndi Bishopu Charles Mackenzie wa mpingo wa Anglican, amene anabwera kudzayambitsa mishoni ya UMCA, anali kupumula pamudzi wa Mbame, pachitunda chochokera ku Chikwawa kukwera ku Blantyre wa lero. Mfumu inawatsina khutu kuti gulu la akapolo lidutsa posachedwa pa ulendo wa ku Tete. Sipanapite nthawi gululo linatulukira: amuna ali m'magoli, amayi ndi ana atamangidwa zingwe, oyendetsa atapachika mfuti akuliza malipenga. Atangoona azungu anabalalikira kutchire. Mtsogoleri wawo anagwidwa ndi Amakololo amene ankayenda ndi Livingstone, ndipo Livingstone anamuzindikira. Anali kapolo wa mkulu wina wa boma ku Tete, ndipo anamutumikirapo Livingstone yemweyo ali kumeneko. Ana ayenera kuisunga mfundo imeneyi, kuti woyendetsa akapolo tsiku limenelo nayenso anali kapolo wa munthu wina.

Zingwe anadula ndi mipeni. Magoli ndiwo anavuta. Goli linali mtengo wa mphanda wotalika ngati mamita awiri, khosi la munthu lili pamphandapo, kutsogolo atatsekako ndi kachitsulo kokhomerera. Mwamwayi m'katundu wa bishopu munali sowo. Anthu 84 anamasulidwa, ndipo ufa umene ankasenzera ambuye awo anauzidwa kuti aphike adye okha, nkhuni zake magoli omwewo. Iwo ndiwo anafotokoza chimene chinkamuchitikira wofuna kuthawa. Dzulo lake amayi awiri anawomberedwa chifukwa anayesa kumasula zingwe, ndipo otsalawo anauzidwa kuti limenelo ndi chenjezo. Mayi wina anamuphera khanda chifukwa sakanatha kunyamula mwana ndi katundu pamodzi. Masiku otsatira anamasula magulu enanso, ndipo Chuma anali mmodzi wa ana amene anawadulira chingwe mlungu umenewo. Anali ndi zaka pafupifupi 11.

Omasulidwawo anapita nawo ku Magomero, m'mudzi wa mfumu Chigunda m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi, ndipo mishoni inayamba ngati mudzi wa anthu opanda kwawo. Chuma ankatumikira m'busa Henry Rowley. Mnzake wapamtima anali Wekotani, mnyamata amene bishopu ankamukonda kwambiri.

Kwa amishoni, chimene chinachitika kwa Mbame chinali kuwombola miyoyo. Kwa eni akapolo chinali chifwamba. Munthu amene anapereka nsalu, mikanda ndi onga kuti agule anthu, nthawi zambiri atachita kukongola katunduyo kwa wamalonda wamkulu, ankaona kuti azungu amulanda chuma chake masanasana, ngongole n'kumutsalira pakhosi. Ena sankamvetsa n'komwe kuti kumasula n'chiyani. Ankangoona kuti kwabwera mfumu ina ya mfuti zambiri imene ikusonkhanitsa anthu ake monga ankachitira mafumu onse. Masiku amenewo malo olima anali ambiri, choncho ulemerero wa mfumu unali anthu. Munthu ankatha kuperekedwa ngati chikole pa ngongole, kapena ngati dipo pa mlandu umene wapalamula m'bale wake. M'mitundu yotsata kuchikazi, ana ndi a kwa malume awo. Koma mdzakazi wogulidwa kutali analibe mlongo wodzaitanitsa ana, motero ana ake ankakhala a pamudzi pa mwamunayo mpaka kalekale. Mfumu yofuna kukuza mudzi inkaiwerengera bwino phindu limeneli. Kufotokozera ana maganizo otere si kuwavomereza ayi. Mwana amene sanawamve sangamvetse chifukwa chake malondawo anapitirira zaka zina zoposa 30 Chuma atamasulidwa kale, ndiponso chifukwa chake munthu wothawa ankasakidwa ngati mbuzi yosokera, womusunga n'kutchedwa mbala.

Amishoni a ku Magomero sanachedwe kulowa m'nkhondo. Amang'anja anawapempha kuti awathandize kupirikitsa Ayao, ndipo bishopu anatsogolera anthu kukatentha misasa yawo mu Ogasiti ndi Okutobala 1861. Pambuyo pake anazindikira zinthu ziwiri zowawa. Ambiri mwa ana amene ankawalera pamishoni anali Ayao omwewo, ndipo ena mwa Amang'anja amene ankawateteza nawonso ankagulitsa anthu mpata ukapezeka. Bishopu Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Mishoni inasamukira kwa Chibisa ku Chikwawa, kumene chilala cha 1862 ndi 1863 chinapha anthu ochuluka moti mitembo inkayandama mumtsinje. Chaka cha 1863 ndi chimenenso Livingstone anadutsa wapansi dera la Neno, kuwoloka Mkulumadzi ndi Lisungwi, pa ulendo umene unakamufikitsa ku Nkhotakota kwa Jumbe, doko lalikulu lowolotsera akapolo. Mapiri a m'njiramo anawapatsa dzina la mnzake John Kirk, ndipo mpaka lero pamapu ndi Kirk Range.

Bishopu wolowa m'malo, William Tozer, anaona kuti mishoni singapitirire ndipo anaisamutsa, poyamba kuphiri la Morambala, kenako ku Zanzibar mu 1864. Funso linali lakuti omasulidwa aja atani, pakuti kuwasiya kunali kuwabwezera kuchingwe. Horace Waller, mmodzi wa amishoni osadzozedwa, anakana kuwataya. Anasiya ntchito n'kutenga gulu la amayi ndi ana kupita nalo ku Cape Town. Chuma ndi Wekotani anakwera sitima yaing'ono ya Livingstone yotchedwa Lady Nyassa. Sitimayo anaipangira nyanja ya Malawi, koma inawoloka nyanja yaikulu ya India, kunyamuka ku Zanzibar pa 30 Epulo n'kukafika ku Bombay pa 13 Juni 1864. Kumeneko anyamata awiriwa anasiyidwa pasukulu ya Dr. John Wilson wa mpingo wa Free Church of Scotland, ndipo mu Disembala 1865 anabatizidwa. Dzina la James linayambira pamenepo.

Mu 1866 Livingstone anawatenga pa ulendo wake wotsiriza. Anayambira kugombe la Mikindani, kutsata mtsinje wa Ruvuma kulowera kwa mfumu Mataka. Imeneyi inali njira yaikulu ya akapolo opita ku Kilwa, ndipo mnyamata wa zaka 16 anaona ndi maso chimene chikanamuchitikira. M'mbali mwa njira munali magoli otayidwa ndi mitembo ya anthu, ena omangiriridwa kumitengo, ena obayidwa. Anthu a m'midzi anafotokoza kuti mwini akapolo akaona kuti wina walefuka sangathenso kuyenda, ankamupha ndi ukali wa kutaya ndalama zake, komanso kuti munthu wina asamutole n'kupindula naye akachira. Livingstone ankauza mafumu kuti wogulitsa ali ndi mlandu umodzimodzi ndi wakupha, monga munthu amene wagwirizira mnzake pamene wina akumubaya. Mawu amenewa sankawakonda. Ena ankati amagulitsa opalamula okha. Ena ankati vuto ndi amalonda obwera ndi nsalu zokongola kudzawakopa. Ena ankaloza mfumu yoyandikana nayo. Mataka yemweyo, amene mudzi wake unkalemera ndi malondawa, anthu ake atakagwira anthu ndi ng'ombe kunyanja popanda chilolezo chake, analamula kuti zonse zibwezedwe kwa eni ake. Anthuwa anali ndi malamulo awo a chololedwa ndi chosaloledwa, kungoti wogulitsidwayo analibemo mawu.

Mu Sepitembala anafika kwa Mponda, ku Mangochi wa lero, kumene Shire amatuluka m'nyanja. Kumeneko Wekotani anati wapeza abale ake ndipo sapitirira ulendo. Livingstone sanamukanize. Amalonda ankafalitsa mbiri yakuti azungu amamasula ana kuti awasandutse akapolo awoawo, choncho anafuna kuti anthu aone kuti mnyamatayo ndi mfulu. Anamupatsa nsalu, mfuti ndi mapepala olembera makalata. Wekotani anamunyengerera Chuma kuti atsale naye, koma Chuma sanatsale. Amishoni a Livingstonia atadutsa pamenepo mu 1875 anamupeza Wekotani akadali kwa Mponda.

Masiku ochepa atasiyana ndi mnzakeyo, pamudzi wina kummwera kwa nyanja, mayi wina anamufunsa Chuma dzina la bambo ake ndi mtundu wake, ndipo atamva mayankho anati iye ndi azakhali ake. Livingstone anakayika, popeza mayiyo anayamba wafunsa kaye asanatchule za ubalewo. Chuma anakhulupirira ndi mtima wonse. Anapempha kuti amudulire pamalipiro ake nsalu ndi mikanda zoti apatse azakhaliwo. Atamuletsa nsalu, anawapatsa mikanda, sipuni yake ndi tinthu tina timene anali nato. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo mwana amene wakhala zaka 5 wopanda aliyense womutchula kuti mwana wa uje sakanayamba kufunsa umboni.

Apa m'pamene awiriwa anatsutsana. Livingstone ankati Chuma anagulitsidwa ndi Ayao anzake. Chuma ankakanitsitsa, nati iye anagwidwa ndi Amang'anja, ndipo palibe Myao amene angagulitse mwana wake. Atamukumbutsa kuti Wekotani anagulitsidwa ndi bambo ake omubereka, anakananso. Livingstone analemba zimenezi m'buku lake modabwa, n'kuganiza kuti ana ogwidwa akadali aang'ono sakudziwa kuipa kwa ukapolo. Pamenepa akuoneka kuti anaphonya. Mnyamata amene anali atangodutsa mitembo ya m'njira ya Ruvuma ankakudziwa kuipako. Chimene chinkamulemera ndi ganizo lakuti dzanja limene linalandira nsalu linali la kwawo. Mphunzitsi amene angawafotokozere ana nkhani iyi n'kuwafunsa chifukwa chake Chuma ankakana adzamva mayankho ozama kuposa a funso la mtembo lija, makamaka m'kalasi momwe mwakhala pamodzi zidzukulu za Ayao, Amang'anja, Angoni ndi Alomwe, ambiri atamvapo kunyumba kuti ogulitsa anthu anali a mtundu winawo.

Zaka 7 zotsatira Chuma anazithera m'nkhalango ndi m'madambo a mayiko amene lero ndi Zambia, Congo ndi Tanzania. Mu Januwale 1867 amuna awiri amene anali akapolo kale, ambuye awo ataphedwa ndi Angoni, anathawa paulendowo ndi katundu momwe munali bokosi la mankhwala, mvula n'kufafaniza mapazi awo. Chuma nayenso sanali mngelo. Mu 1868, atatopa ndi njala ndi ulendo wosadziwika mathero ake, iye ndi Susi anali m'gulu la amene anakana kupitirira, ndipo Livingstone anapita kunyanja ya Bangweulu ndi anthu ochepa chabe. Patapita miyezi anawalandiranso, atavomereza kuti nayenso kuyendako kunali kutamukwana.

Mankhwala atapita ndi katundu atatha, Livingstone anadalira amalonda a Chiswahili, ndipo mmodzi wa iwo, Muhammad Bogharib, anamudwazika ndi kumunyamulitsa pamachira atadwala chibayo mu 1869. Motero Chuma, mwana womasulidwa pachingwe, anayenda miyezi yambiri limodzi ndi magulu a akapolo, akudya chakudya cha eni ake. Zimene zinalembedwa m'zaka zimenezi ndi zina mwa zochepa zimene zimasonyeza mtima wa omangidwawo. Tsiku lina Livingstone anamva amuna 6 a m'magoli akuimba ngati osangalala. Atawafunsa, anamuuza kuti akuimba za kudzabwera akadzafa kuti adzazunze amene anawagulitsa. Wamalonda wina, Said bin Habib, anawolotsa gulu la anyamata pamtsinje waukulu wa Lualaba n'kumasula 21 mwa iwo, poganiza kuti mtsinjewo wakwanira kukhala unyolo. Onse 21 anathawa nthawi yomweyo. Ena amene anatsala omangidwa anafa patangotha masiku atatu, asakudwala china chilichonse, akungoloza pamtima kuti m'pamene pakuwawa. Mwini wake ankadabwa kuti akuferanji pamene akudya bwino ndipo sakugwira ntchito.

Pa 15 Julayi 1871 ku Nyangwe, asilikali a amalonda anawombera anthu pamsika, ambiri a iwo amayi, ndipo mazanamazana anafa, ena pomira mu Lualaba. Nkhaniyi itafika ku Britain kudzera mwa Henry Stanley, amene anawapeza ku Ujiji kumapeto kwa chaka chomwecho, inathandiza kuti msika wa akapolo wa ku Zanzibar utsekedwe mu Juni 1873. Ali ku Tabora mu 1872, Chuma anakwatira mayi wina wa paulendowo dzina lake Ntaoeka. Mayi wina wophika, Halima, anathawapo atayambana ndi Ntaoeka, kenako n'kubwerera, ndipo Livingstone analemba kuti akakafika ku Zanzibar adzamumasula ndi kumugulira nyumba ndi munda. Ndiye kuti ngakhale m'gulu la munthu wodana ndi ukapolo munali mayi amene ufulu wake unali kudikira lonjezo.

Livingstone anamwalira pa 1 Meyi 1873 m'mudzi wa Chitambo ku Zambia. Apa m'pamene pamayambira zimene ana amaloweza, koma kawirikawiri sauzidwa kuti zinali zoopsa bwanji. Panalibe mzungu wowalamula. Akanatha kukwirira mtembo, kugawana nsalu n'kubalalika. Susi ndi Chuma anasankhidwa kutsogolera gulu la anthu oposa 60. Mtima ndi zam'kati anazikwirira pansi pa mtengo wa muula, umene kumeneko amautcha mpundu. Jacob Wainwright, nayenso womasulidwa ku ukapolo, anawerenga mapemphero a maliro n'kuzokota dzina pamtengopo. Thupi analithira mchere, kuliyanika milungu iwiri, kulikulunga m'nsalu ndi khungwa, n'kulimangirira kumtengo wonyamulira.

Kudutsa ndi maliro m'midzi ya eni kunali kuputa mlandu, pakuti anthu ankaopa kuti mtembo wa mlendo ubweretsa tsoka. Ambiri anadwala, ena anafera m'njira, pena anachita kumenya nkhondo kuti adutse. Atayandikira Tabora mu Okutobala, Chuma anatsogola ndi kalata ndipo anakumana ndi Verney Cameron, msilikali wa ku Britain amene anatumidwa kudzathandiza Livingstone. Cameron analangiza kuti angouika pomwepo mtembowo. Anakana. Pamudzi wina patsogolo anthu atawatsekera njira, ananamizira kuti akubweza maliro ku Tabora. Anatumiza anthu ndi mtolo wa mapesi a mapira wokulungidwa ngati mtembo, thupi lenilenilo atalimanga mumtolo wooneka ngati wa nsalu zamalonda. Anafika ku Bagamoyo mu Febuluwale 1874, patatha miyezi 9 ndi mtunda woposa makilomita 1,500. Halima ndi Ntaoeka anayenda nawo ulendo wonsewo.

Ku Bagamoyo mtembo unagona m'tchalitchi cha Akatolika cha ansembe a chipani cha Mzimu Woyera, amene anatsegula mishoni kumeneko mu 1868. Mishoniyo inali mudzi wa ana owomboledwa ku ukapolo, ambiri ochita kugulidwa ndi ndalama pamsika wa ku Zanzibar. Njira imeneyinso inali ndi oitsutsa, amene ankati kugula kapolo kuti umumasule ndi kumupatsa wogulitsa mpamba wokagulira wina. Nsanja ya tchalitchicho ilipobe. Kenako mtembo unakwezedwa m'sitima ya nkhondo, onyamula aja n'kulandira malipiro awo ndi kuuzidwa kuti azipita. Pamwambo wa maliro ku Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874 panali Wainwright yekha mwa onsewo. Susi ndi Chuma anafika ku Britain maliro ataikidwa kale, atawalipirira ulendo James Young, mnzake wa Livingstone amene analemera ndi malonda a parafini. Kumeneko Chuma anakumananso ndi Waller wa ku Magomero uja, amene ankakonza zolemba za Livingstone kuti zisindikizidwe. Pafupifupi zonse zimene dziko limadziwa za masiku otsiriza a Livingstone zinachokera pakamwa pa awiriwa. Patsamba loyamba la bukulo mayina awo alipo, koma ngati antchito okhulupirika.

Chuma anabwerera ku Zanzibar n'kuyamba ntchito ku UMCA, mishoni yomwe inamulera. Pamalo pamene panali msika wa akapolo, Bishopu Edward Steere anali akumanga tchalitchi chachikulu. Mishoni inali ndi mudzi wa omasulidwa ku Mbweni, ambiri a iwo ochokera kudera la nyanja ya Malawi, ndipo Steere anaganiza zowabwezera kwawo kuti akayambitse mudzi wa Chikhristu. Mu 1875 Chuma anaperekeza bishopuyo kwa Mataka, ndipo mu Okutobala 1876 anatsogolera onyamula katundu pa ulendo wa omasulidwa 55, amuna 31 ndi akazi 24, kulowera kunyanja. Atafika ku Masasi, kummwera kwa Tanzania, anthuwo anatula katundu n'kunena kuti sapitirira. Pamalopo panali chakudya chokwanira, ndipo ankadziwa kuti kutsogolo kuli nkhondo. Bishopu anagonja, mishoni ya Masasi n'kuyamba motero. Ana akamaphunzira za akapolo amafulumira kufunsa chifukwa chake othawa sankangobwerera kwawo. Anthu a ku Masasi aja anali mfulu, ali ndi bishopu ndi owaperekeza, komabe anaopa. Midzi yambiri inali itapasuka, ndipo amene anawagulitsa koyamba akanatha kuwagulitsanso.

Midzi ya mishoni yotereyi inkakoka anthu othawa kwa ambuye awo, ndipo vuto la ku Magomero linkabwereranso. Ku Blantyre, kumene a Church of Scotland anafika mu 1876, amishoni analandira othawa ambiri, mafumu oyandikana nawo n'kuyamba kuwaona ngati akuba anthu. Udaniwo unafika mpaka powomberana. Pambuyo pake akuluakulu a mpingowo ku Scotland analamula kuti mishoni isiye kudziyesa boma, ndipo khomo la othawa linayamba kutsekeka.

Mu 1879 bungwe la Royal Geographical Society linatuma Keith Johnston kukafufuza njira yochokera ku Dar es Salaam kupita kunyanja za Malawi ndi Tanganyika, ndipo Chuma anasankhidwa kukhala kapitawo wa anthu pafupifupi 150. Johnston anamwalira pasanathe miyezi iwiri. Anatsala ndi Joseph Thomson, mnyamata wa zaka 21 amene anali asanayendepo ulendo wotere. Dzina la ulendowo ndi la Thomson, koma wodziwa kukambirana ndi mafumu za msonkho wa njira, kugawa chakudya ndi kuziziritsa mitima ya onyamula katundu akafuna kunyanyala anali Chuma, ndipo Thomson mwini anavomereza zimenezi. Anali munthu wanthabwala, wa lilime lakuthwa, wodziwanso kuthira mchere nkhani. Anafika kumpoto kwa nyanja ya Malawi mu Sepitembala 1879, kenako ku Tanganyika, n'kubwerera kugombe mu Julayi 1880 atataya wonyamula katundu mmodzi yekha. Bungwelo linamupatsa mendulo ya siliva ndi lupanga. Mu 1881 anapitanso ndi Thomson ku Ruvuma kukafunira malasha Sultan wa ku Zanzibar, koma malashawo sanapezeke.

James Chuma anamwalira ku Zanzibar mu 1882 ndi chifuwa chachikulu. Kwawo malonda aja anali akadali pachimake. Ansembe a White Fathers atafika kwa Mponda mu Disembala 1889 anapeza magulu a akapolo akudutsabe pamenepo, ndipo anachokako mu 1891. Mlozi wa ku Karonga anagonjetsedwa mu Disembala 1895. Pamene ansembe a Montfort ankatsegula mishoni ya Neno mu 1906, Chuma akanakhala ndi moyo bwenzi ali ndi zaka 56 zokha, ndipo m'dziko lino anthu amene anavalapo goli ndi amene anagulitsapo anzawo anali akadalipo, ena akutunga madzi pachitsime chimodzi.